Masiku Awiri a Bambo Custódio

Alamu anga a Custódio adula bakayawo, nsomba ija youma ya mchere, zaka makumi anayi ndi zitatu pagolosale imodzimodzi, pakona ya msewu wotsikira kudoko kwathu kuno ku Matosinhos, m'dziko la Apwitikizi, ndipo mukawafunsa adzakuuzani kuti sanalakwitsepo ngakhale kamodzi. Musawatsutse, mungotaya nthawi. Ine ndinayamba kuwatsutsa tsiku limene anabwera kudzafunsira mkulu wanga Ermelinda, atavala jekete yobwereka yonunkha mchere, ndipo mpaka lero sindinawagonjetse pakamwa.

Ndi munthu wamfupi wa mapewa otambalala, wa ndevu za pamlomo zokha zimene amazipesa asanatsegule chitseko cha golosale. Zala zawo mchere unazidya kalekale, ndi zong'alukang'aluka ngati chidendene cha munthu wosavala nsapato. Chimpeni chawo ndi chija chomangirira kutebulo mbali imodzi, chachitali ngati mkono, chimene umachikweza ndi chigwiriro n'kuchitsitsa ndi thupi lonse. Nsomba imabwera youma gwa, yotambasula, yoyera mbee ndi mchere. Iwo sayamba n'kudula ayi. Amainyamula kaye n'kuiyang'anira pazenera, kuigwira kumchira n'kuigwedeza kuti aone ngati ikupindika, kuinunkhiza, kenaka n'kuyamba kukufunsa mafunso ngati wansembe.

"Mudya angati? Mukuphika kapena mukuwotcha? Apongozi anu abwera?"

Ukayankha mokayika amakuuza kuti uime pambali uganize bwino, n'kuitana wotsatira. Ukayankha bwino, khapu! zipsepse zachoka. Khapu! mchira pambali. Mbali zopyapyala za kumimba pazokha, zimenezo n'za msuzi. Kenaka msana, nthuli zonenepa zala zinayi. Zinayi ndithu! Odula ena onse m'tauni muno amadula zala ziwiri, akachulukitsa zitatu, koma a Custódio amati nthuli yopyapyala ndi chipongwe kwa nsomba imene yayenda ulendo wautali chotere.

Akamakulunga m'pepala amapereka malangizo omwewo a kaviikidwe kochotsera mchere kwa aliyense, kaya ndi mtsikana wokwatiwa dzulo, kaya ndi mayi wa zidzukulu khumi: "Khungu m'mwamba, madzi ozizira, kusintha m'mawa ndi madzulo, masiku awiri. Awiri, mayi, osapitirira. Mukapitirira mwaipha."

"Chabwino, a Custódio, masiku awiri," amayankha choncho amayi onse, n'kutuluka.

Tsono ndikuuzeni chimene tauni yonse inkadziwa kupatula iwo. Nthuli ya zala zinayi siisukuluka masiku awiri. Sizingatheke, ngakhale mutaipempherera. Amayi onse aja akafika kunyumba ankaviika masiku anayi, n'kubwerera sabata yotsatira kudzayamikira kuti malangizo aja ndi abwino zedi. Palibe amene anapangana ndi mnzake. Kungoti ukamuona munthu akukuuza chinthu nkhope ikuwala chonchija, chala chili m'mwamba, umasowa poyambira. Ermelinda nayenso ankatero. Beseni lake linkakhala kukashedi kochapira kuseri kwa nyumba, kumene amuna ake sankapondako, ndipo patebulo iwo akatafuna n'kunena kuti, "Mwaona? Masiku awiri," mkulu wanga ankangoti, "Eya, bambo," n'kundiponda phazi pansi pa tebulo kuti ndisaseke.

Ine ndine Zulmira, ndipo ndinagwira ntchito zaka makumi atatu ndi chimodzi kufakitale ya zitini, kulonga nsomba ya tuna ndi manja angawa. Musamve kuti kulonga n'kuganiza kuti ndi kungothira. Nsomba imabwera yophikaphika, iwe uichotse khungu ndi minga ndi kampeni, uchotse mnofu wakuda, udule zidutswa zoti zigone bwino m'chitini mosasiya mpata, mafuta a azitona abwere pambuyo. Ndinali wachangu ine, akapitawo ankabweretsa atsikana atsopano kudzaonerera manja anga. Koma kwa alamu anga, zonsezo sizinali ntchito.

"Wabwera wa zitini uja," ankatero ndikangolowa m'golosale, mokweza kuti mzere wonse umve. "Mlamu, lero mwaika m'bokosi amphaka angati?"

"Ochepa kuposa amayi amene mwawatopetsa ndi ulaliki, alamu."

"Nsomba yosaoneka nkhope ine sindidya. Ndidziwa bwanji kuti ndi nsomba?"

"Nanga yanuyo mutu wake munauonapo?"

Pamenepo ndinkawakhudza pachilonda, chifukwa bakayawo amafika wopanda mutu ndipo palibe wa ife amene anauonapo. Kenaka ankatsitsa chimpeni mwamphamvu kuposa mmene zikufunikira.

M'golosalemo zitini zinalimo, mashelefu awiri athunthu, koma iwo sankazikhudza. Munthu akafuna tuna ankamulozera ndi chibwano. Kunyumba kwawo analamula kuti chitini cha nsomba chisalowe, ati m'nyumba ya wodula bakayawo n'zochititsa manyazi. Lamulo limenelo linasungidwa bwino kwambiri, pamaso pawo. Masana iwo ankadyera kuseri kwa golosale chakudya chonyamula, ndipo nthawi yomweyo ine ndinkathamanga kuchokera kufakitale, mpango uli kumutu, kukakhala kukhitchini kwa mkulu wanga. Ankakhala ataphika kale khobwe, wazizira, wadulira anyezi ndi dzira. Ine n'kutulutsa chitini m'thumba la epuloni. Tinkadya titatsegula zenera kuti fungo lituluke, ndipo chitini chopanda kanthu ndinkabwerera nacho ndekha. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Graciete, anakulira pachakudya chimenecho, ndipo anaphunzira kusunga pakamwa asanaphunzire kumanga zingwe za nsapato.

Ermelinda anatisiya chaka chatha, sabata ya Pasaka. Apa sindiseka. Linali Lachinayi, golosale itadzaza mpaka kumsewu, pamene mnansi wawo anathamanga kukawauza kuti mayi agwa kukhitchini. Mkulu wanga ankachita chizungulire kawirikawiri, ankakhala pansi pang'ono n'kudzuka. Alamu anali pakati podula nsomba yaikulu, ndiye anati, "Ndimalize iyi kaye." Anamalizadi, anakulunga, ananenanso za masiku awiri. Pofika kunyumba anapeza galimoto ya chipatala yapita kale, ndipo kuchipatalako sanawapeze akulankhula.

Graciete anabwera kuchokera ku Luxembourg, kumene anakwatiwa ndi mnyamata wa ku Viseu dzina lake Valdemar. Nkhani ya nsomba ija inamupeza asanavule n'komwe nsapato, anthu sasunga zotere. Titachoka kumanda anaima pakhomo la khitchini n'kunena mosakweza mawu kuti, "Nsomba mumaidziwa, ababa. Amayi simunawadziwe."

Munthu wanzeru akanangolira. Koma alamu anga pakamwa pamayamba, mutu n'kumabwera pambuyo. "Iwe amene unathawira kunja ndiye unawadziwa?"

Basi. Mwana ananyamuka m'mawa mwake, ndipo panapita chaka ndi miyezi isanu ndi itatu popanda foni, popanda kalata pakati pawo. Ine ndinkalankhula naye Lamlungu lililonse, ndipo Lolemba alamu ankandifunsa mozungulira, maso ali pa sikelo, kuti kaya kunja kuja kukuzizira bwanji masiku ano. Khrisimasi yoyamba anadyera kwanga. Bakayawo anadula okha, ndinaviika ine masiku anayi, ndipo atatafuna anapukuta ndevu n'kunena kuti, "Mwaona, mlamu? Masiku awiri." Panalibe wondiponda phazi, ndipo ndinapita kukalirira kubafa.

Chaka chino, kumayambiriro kwa Disembala, Graciete anandiuza kuti akubwera ndi banja lake kwa apongozi ake ku Viseu, ndipo iye yekha adzatsika kuno madzulo a pa 24 kuti adzadye ndi bambo ake. Tsiku limodzi. Valdemar adzamutenga m'mawa wa Khrisimasi.

"Ndikungobwera chifukwa cha inu, amayi aang'ono, mwandivutitsa mokwanira. Ndidya, ndigona, ndipita."

Nditawauza alamu, anasiya chimpeni chili m'mwamba, kasitomala akudikira. Sindinawaonepo akuchita zimenezo. Kenaka anati, "Ndiphika ndekha."

"Inu? Mumadziwa kumene machesi amakhala?"

"Ndati ndiphika ndekha. Aone kuti nyumba ya mayi ake sinagwe."

Ndinamvetsa. Munthuyu kupepesa ndi pakamwa sangathe, chibadwire sanayesepo. Ankafuna kuti mbale iwapepesere. Anali ndi chakudya chimodzi chokha choti abwezere nacho mwana wawo, ndipo ankadziwa kuti chikalephereka, Graciete akakwera galimoto ya mwamuna wake osatembenukanso.

Kukonzekera kwake kunali ngati kwa ukwati. Anasanthula mulu wonse wa nsomba za m'nyumba yosungira katundu kufikira atapeza imene anaifuna, yaikulu yofika m'chiuno mwawo, yachikasu pang'ono, youma moti ukaigogoda imalira ngati thabwa. Anaibisa pansi pa tebulo ndipo anakaniza ngakhale akazi a dokotala. Podula anatseka golosale kaye kuti pasakhale womusokoneza, ndipo chifukwa inali ya mwana wawo, nthulizo anazidula zala zisanu. Zisanu! Nthuli zisanu ndi ziwiri, zitatu zophika madzulo a pa 24, zinayi zowotcha pa Khrisimasi ngati mwana angachedweko mpaka masana.

Pa 19 ndinapita kukawaona. Nsomba inali pamwamba pa kabati, youma, itakulungidwa bwinobwino.

"Alamu, viikani lero."

"Lero ndi pa 19. Ndiviika pa 22."

"Nthuli zimenezi ndi zonenepa. Mverani ine kamodzi kokha, viikani lero."

"Iwe Zulmira, ukufuna kundiphunzitsa bakayawo ine?"

"Sindikukuphunzitsani, ndikungoti masiku awiri sakwana."

Anaseka mpaka kugwira khoma. "Zaka makumi anayi ndi zitatu, tauni yonse ikudya masiku awiri, lero wa zitini akuti sakwana! Mlamu, zanu zija n'zongokoka kachitsulo n'kudya. Izi zisiyireni eni ake."

Apa ndivomere tchimo langa. Ndikanatha kuwauza zonse pomwepo. Ndikanathanso kuviika wanga kunyumba n'kubwera naye mobisa. Koma mtima unandipsa, inu, unandipsa zedi. Zaka zonsezi ndikutchedwa wa zitini, manja anga atapindika ndi ntchito, ndiye lero ndabwera kudzathandiza n'kusekedwanso? Ndinatola chikwama changa n'kunena kuti, "Chabwino, a Custódio, masiku awiri," ngati amayi ena onse. Panjira ndinkalankhula ndekha kuti ziwaonekere. Pofika pa 22 mkwiyo unali utatha, koma nthawi nayo inali itatha.

Anachita zonse mwadongosolo, zimenezo ndiwachitire umboni. Khungu m'mwamba, madzi ozizira, ndipo posintha madzi ankayang'ana wotchi. Beseni analipeza kukashedi kuja, ndipo anabwera kudzandiuza modabwa kuti kuli kampando kakang'ono ndi kawailesi, iwo sankadziwa kuti akazi awo ankakhalako. Anachapa nsalu ya patebulo, anaisita okha mpaka kuiwotcha pakona, pakonapo n'kuikapo botolo la mafuta.

Graciete anafika dzuwa likulowa, atanyamula kachikwama kakang'ono koti aliyense aone kuti sakukhalitsa. Anandikumbatira ine nthawi yaitali. Bambo ake anangowapatsa tsaya kuti apsompsone.

"Mwaswera bwanji, ababa?"

"Ndaswera. Wawonda."

"Sindinawonde."

"Ndiye kuti ndi jekete."

Nkhani inathera pomwepo. Tinakhala kukhitchini, poto wamkulu akubwata, mbatata, kabichi, mazira, ndi nthuli zitatu zija pamwamba. Patebulo panali mbale zinayi, chifukwa tsiku limeneli omwalira sitiwasiya panja. Mbale ya Ermelinda anaiika pamalo pake pafupi ndi chitofu, ndi tambula yake ya vinyo. Graciete anaiyang'ana, kenaka anayang'ana kumbali.

Kunena zoona, nsombayo inkaoneka bwino. Inatupa, yoyera, mnofu wake ukutseguka wokha ngati masamba a buku. Alamu anagawa okha, n'kuthira mafuta ndi adyo pa mbale ya mwana wawo ngati akadali wa zaka zisanu. Iwo sanayambe kudya. Anakhala manja ali pa mawondo, akuyang'ana foloko ya Graciete.

Mwanayo anaika pakamwa. Anatafuna kamodzi, n'kuima. Maso anafiira. Anameza mwaulemu, monga tinamulerera, n'kumwa madzi tambula yonse osapuma. Ine ndinalawa kachidutswa kakang'ono ndipo lilime linachita kukwinyika. Mayo ine! Kunali ngati wagwa m'nyanja uli kukamwa yasa.

"Bwanji?" anafunsa alamu.

"Lawani, ababa."

Anadula nthuli yaikulu, ya munthu wodzidalira. Ndinaona ndevu zija zikuima. Anatafuna, anatafunabe, chifukwa kulavula nsomba imene wadula wekha n'kosatheka, ndipo atameza anatsokomola mpaka misozi.

"Anthu a kumpoto aja amene amaumitsa nsombazi," anatero mawu atasasa, "chaka chino awonjeza mchere."

"Mwaviika masiku angati?"

"Awiri, monga mwa nthawi zonse."

Graciete anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana kudenga, ndinapezako kangaude woti ndimuonerere. Kenaka ndinamva kaphokoso ngati munthu akutsamwa, ndipo poyang'ana ndinapeza mwanayo wagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka.

"Ababa, amayi ankaviika masiku anayi."

"Bodza."

"Anayi. Mukadula zonenepa kwambiri, asanu. Ndinkawathandiza kusintha madzi ndikachoka kusukulu."

"Iwe Zulmira, mwanayu akuti chiyani?"

"Akunena zoona, alamu. Inenso anayi."

"Chabwino, inu ndi a mimba imodzi, mumapangana. Koma mayi Perpétua agula kwa ine zaka makumi atatu."

"Anayi."

"Mayi Deolinda a pabekale?"

"Anayi ndi theka."

"Akazi a dokotala?"

"Asanu. Amuna awo amadwala kuthamanga kwa magazi."

"Nanga masisitere?"

"Masisitere ndiye anayambitsa."

Tinaseka, ine ndi Graciete, mpaka ndinagwira m'nthiti. Koma titapukuta maso tinaona kuti alamu sakuseka. Anali atatembenukira ku mbale ya Ermelinda, akuiyang'ana ngati mwini wake wakhala pomwepo. Kenaka anapinda kansalu kawo kopukutira pakamwa, bwinobwino, n'kukaika pambali pa mbale.

"Ndiye kuti unanena zoona, mwanawe," anatero. "Zaka zonsezi munthu akunyamula madzi kuseri kwa nyumba yanga masiku anayi, ine ndikulalikira awiri. Ngakhale kampando kake sindinkakadziwa." Anatembenukira kwa Graciete. "Tsiku lija ndikanasiya nsomba ija. Ndimaiona tsiku lililonse ndikakweza chimpeni."

Ine chisoni chinandigwira, komanso manyazi, chifukwa ndinadziwa kuti dzenje limeneli ndinathandiza kukumba. Ndinaganiza kuti basi zatha, chakudya chawonongeka, mwana atola kachikwama kake.

Graciete anaimiriradi. Koma sanapite kuchitseko. Analowa kuchipinda chochezera, kumene kuli makina osokera a mayi ake, aja opondaponda, ophimbidwa ndi nsalu chimwalirire iwo. Tinamva akukoka kabati ya pansi, kusuntha zigamba, ndipo anabwera atanyamula zitini zisanu pachifuwa. Ha! Ine ndinali nditaiwaliratu. Zinali zija ndinamupatsa mkulu wanga mwezi umene ndinapuma ntchito, zomaliza kulonga ndi manja anga, ati azisunge za tsiku la mavuto.

Anaziika patebulo, patsogolo pa bambo ake, chimodzichimodzi.

"Izi zachokera kuti?"

"M'nyumba mwanu, ababa. Zitini zakhala zikulowa muno chibadwire ine."

"M'nyumba mwanga?"

"Masana aliwonse. Ndi khobwe."

Anandiyang'ana ngati ndawabera mbuzi. Ine ndinangotambasula manja.

"Kodi mayi ako ankazikonda?" anafunsa, chapansipansi.

"Kuposa bakayawo," anatero Graciete.

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Munkabwera Loweruka lililonse mutanyamula mchira wa nsomba m'pepala ngati mwabweretsa maluwa. Akanakuuzani bwanji?"

Alamu anakoka chitini chimodzi, n'kuchitembenuza uku ndi uku. Anthu inu, munthu amene amadula nsomba yolimba ngati chitseko ndi dzanja limodzi, analephera kachitini! Zala zija sizinkalowa pansi pa kachitsulo kokokera. Anayesa ndi chikhadabo, anayesa ndi mpeni, kachitsulo n'kuthyoka, mafuta n'kuwathira pamalaya a tchalitchi.

"N'zongokoka n'kudya, alamu," ndinatero. Sindikanatha kudziletsa, ndinadikira masiku asanu kuti ndinene zimenezo.

"Khala chete, iwe."

Graciete anakokera mpando wake pafupi nawo, anatenga chitini china, anagwira chala chawo chachikulu n'kuchiika pamalo pake. "Kwezani kaye. Eya. Tsopano kokani pang'onopang'ono, osati ngati mukudula." Chinatseguka. Zidutswa zinagona bwino m'mafuta, mosasiya mpata, monga ndinazigoneka ine. Alamu anawerama, ananunkhiza, anapendeketsa chitini kuwala kwa nyale, ngati mmene amachitira ndi nsomba zawo.

"Amene analonga ichi ali ndi manja," anatero, osandiyang'ana. Zaka makumi anayi ndadikira mawu amenewo, ndipo anawanena kwa chitini.

Tinachotsa bakayawo uja patebulo. Mbatata zinali ndi mchere wokwana mudzi wonse, koma ndi tuna ndi mafuta ambiri zinalowa. Chitini choyamba chimene anatsegula okha anachikhuthulira m'mbale ya Ermelinda, chonse. Iwo anadya kawiri, akudandaula kuti n'chakudya cha amphaka, n'kupukuta mbale ndi buledi. Graciete anawauza za kawailesi ka kukashedi, kuti mayi ake ankamvera mpira ndipo ankachemerera timu imene bambo ake amadana nayo. Apo ndiye alamu anaimirira n'kukhalanso pansi.

Titatsuka mbale, mwanayo anafunsa kuti nthuli zina zili kuti. Tinapita tonse kukashedi. Zinali m'beseni, zinayi, khungu m'mwamba. Anapinda malaya, anatsina kamnofu pakatikati pa yonenepa kwambiri monga ankachitira mayi ake, analawa, n'kukwinya nkhope.

"Izi zikufunika masiku ena awiri. Mwina atatu, mwadula ngati njerwa."

"Valdemar akubwera m'mawa," anatero alamu, akuyang'ana khoma.

"Ndikudziwa." Anapukuta zala pa siketi. "Ndikazisiya ndi inu muzitulutsa mawa n'kupha nazo amayi aang'ono. Nsomba yabwino chonchi." Anatulutsa foni m'thumba n'kupita nayo panja, ndipo tinamumva akunena kuti ana adye kwa agogo awo, iye pali ntchito ina kuno, amutenge pa 27. Alamu anagwira m'mphepete mwa beseni ndi manja onse awiri, osatembenuka.

M'mawa wa Khrisimasi ndinalawirira ndi mbale ya buledi wokazinga wa shuga, ndipo ndinadzera kuseri kuti ndisadzutse mwana. Chitseko cha kashedi chinali chotsegula pang'ono. Ndinasuzumira. Alamu anali ataima pa beseni, atavala zogonera ndi chipewa, madzi atasintha kale. Pambali pawo panali thumba la mchere wa miyala limene amabwera nalo kuchokera kugolosale, ndipo dzanja lawo linali lodzaza.

"Alamu!"

Anadzidzimuka, mchere wina n'kumwazika pansi. "Shii! Iwe Zulmira, usafuule. Pang'ono pokha."

"Mwapenga? Nsomba ikusukuluka, inu mukuibwezera kunyanja?"

"Masiku atatu ndi ochepa, mlamu. Ikasukuluka, mwanayu apita."

Ananena zimenezo nkhope ili pansi, ndipo mtima wanga unasweka. Ndinafuna kuwauza kuti mwanayo si wopusa, koma anali atathira kale, ndipo anavundula ndi chala kuti usungunuke.

Graciete anadzuka mochedwa, anamwa khofi, n'kupita kukaona nsomba yake, ife tikumutsatira ngati ana olakwa. Pakhomo la kashedi nsapato zake zinalira khirichi, khirichi, pa mchere umene unamwazika uja. Anayang'ana pansi. Anayang'ana thumba, limene alamu analiphimba ndi thaulo koma theka lokha. Anatsina kamnofu, analawa, anatafuna nthawi yaitali akuyang'ana bambo ake, iwo akuwerenga malata a denga.

"Nsombayi ndi yamakani ngati mwini wake," anatero. "Mmene ndikuonera, ababa, isanafike Chaka Chatsopano siidyeka."

Anakokera kampando ka mayi ake pafupi ndi beseni, anakhalapo, n'kuwauza kuti akatenge ndowa.